KUSANKHA LAPUTOPU YOLEMBERA MAPULOGALAMU

Chaka ndi chaka, maina a ophunzira osankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede akalengezedwa, m'mabanja ambiri mumamveka nthungululu kwa masiku oŵerengeka, pambuyo pake nkuyamba kuŵerengera ndalama. Mwana amene akukaphunzira za makompyuta ku Zomba, ku Blantyre, ku Thyolo kapena ku Mzuzu sachedwa kuzindikira kuti popanda laputopu yakeyake maphunziro samuyendera bwino. Chimodzimodzinso mnyamata kapena mtsikana amene akudziphunzitsa yekha kulemba mapulogalamu ali pakhomo pa makolo ake. Ndalama zogulira makina ameneŵa sizichokera pafupi. Pena bambo amagulitsa ng'ombe, pena mai amapereka zonse zimene adapeza pa soya wa chaka chimenecho, ndipo pena ndi amalume a ku Johannesburg amene amatumiza thukuta lao la miyezi ingapo. Makinaŵa amachokera kunja, kotero kuti kwacha ikachepa mphamvu, monga idachitira mu Novembala 2023 pamene idagwa ndi 44 peresenti, mtengo wao umakwera. Banja lotere limagula laputopu kamodzi kokha. Likalakwitsa, mwana amasenza cholakwacho zaka zonse za maphunziro ake.

Nkhani ya lero yagona pa funso limodzi: kodi munthu wofuna kulemba mapulogalamu asankhe laputopu yotani? Yankho lake lalifupi nlakuti asankhe poyang'ana ntchito imene adzagwira ndi malo amene adzagwirireko ntchitoyo. Kunyezimira kwa chivundikiro ndi kutchuka kwa dzina lomatidwa pamwamba zibwere pambuyo. Makolo adachenjeza kale za chikomekome cha mkuyu, ndipo m'sitolo za makompyuta nkhuyu zotere zilimo zambiri.

Poyamba nkofunika kumvetsa ntchito ya mlembi wa mapulogalamu. Munthu ameneyu amatha tsiku lonse akulemba malangizo, mzere ndi mzere, m'chilankhulo chimene adachiphunzira, monga Python, Java, C kapena JavaScript. Akalemba, makina amamasulira malangizowo kuti akhale m'manambala amene kompyuta imamva, kenaka mlembi amaŵayesa. Kaŵirikaŵiri pamapezeka cholakwa. Iye amabwerera, nakonza, nayesanso, kambirimbiri pa tsiku limodzi. Pochita zimenezi amakhala atatsekula zinthu zingapo nthaŵi imodzi: chida cholembera, masamba a pa intaneti ofotokoza malamulo a chilankhulocho, nkhokwe ya maina ndi manambala oyesera, ndi pulogalamu imene ikumangidwayo. Motero laputopu yomuyenera ndi imene imanyamula zonsezi pamodzi osatsamwa, imene zala ndi maso zimapirira nayo maola ambiri, ndiponso imene siizima msanga magetsi akathima.

Ntchito yotereyi siilira makina odabwitsa. Mu Januwale 1991 wophunzira wina wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, dzina lake Linus Torvalds, adagula kompyuta molipira pang'onopang'ono. Inali ya purosesa ya Intel 386, ndipo RAM yake inali mamegabaiti 4 okha. Pa makina amenewo ndi pamene adayambira kulemba Linux, imene lero ikuyendetsa makompyuta ochuluka osunga masamba a intaneti, ndipo ndiyo maziko a Android wa m'mafoni. Laputopu wamba ya masiku ano ya magigabaiti 8 ili ndi RAM yoposa ija kopitirira ka 2,000. Izi sizitanthauza kuti makina alionse ngokwanira, pakuti zida zolembera za lero nzolemera kwambiri kuposa za 1991. Phunziro lake nlakuti luso limakhala mwa munthu, ndipo chofunika kwa makina nchakuti asamuchedwetse.

Tsono funso loyamba limene wogula ayenera kudzifunsa asanaponde pakhomo pa sitolo nlakuti: mapulogalamu ake adzakhala a mtundu wanji? Wophunzira wa chaka choyamba ndi chachiŵiri, ndiponso munthu wopanga masamba a intaneti, safuna zambiri. Wopanga mapulogalamu a mafoni a Android amagwiritsa ntchito chida chotchedwa Android Studio, chimene chimadya RAM kwambiri, makamaka poyesera pulogalamu pa foni yoyerekezera ya m'kati mwa kompyuta. Wofuna kupanga mapulogalamu a iPhone njira yake njopapatiza, chifukwa chida chake chotchedwa Xcode chimagwira ntchito pa makompyuta a Apple okha. Wopanga maseŵero a pa kompyuta, kapena wophunzitsa makina kuzindikira zithunzi ndi mau, ndiye amene angafune chiŵalo chapadera chotchedwa GPU, monga zija zopangidwa ndi kampani ya Nvidia. Anthu ambiri oyamba kumene ali m'gulu loyamba kapena lachiŵiri. Kuŵagulira makina a gulu lomaliza nkutaya ndalama zimene zikadalipira chakudya ndi malo ogona.

Kuti manambala olembedwa pa bokosi amveke bwino, nkothandiza kukumbukira telala wa pakhonde la sitolo. Pamenepo pali telala mwini, pali tebulo loyalapo nsalu, ndiponso pali bokosi losungiramo nsalu za anthu. M'laputopu, purosesa ndiye telala, RAM ndilo tebulo, ndipo chosungiramo mafayilo ndilo bokosi. Telala angakhale waluso chotani, akapatsidwa tebulo laling'ono amataya nthaŵi kupinda nsalu iyi, kuibweza m'bokosi, kutulutsa ina ndi kuiyalanso. Ndi zimenenso zimachitika RAM ikachepa. Kompyuta imayamba kusamutsira zinthu ku chosungira ndi kuzitenganso, ndipo mwini wake amangokhala manja ali m'khosi kudikira kuti sikirini igwedezeke.

Womvera amene ali ndi pensulo pafupi angachite bwino kulemba manambala aŵa. Magigabaiti 4 a RAM ngosakwanira pa ntchito imeneyi, ngakhale wogulitsa atalumbira. Magigabaiti 8 ndiwo poyambira, ndipo munthu angaphunzire nao bwino ngati satsekula zinthu zambiri nthaŵi imodzi. Magigabaiti 16 ndiwo mlingo umene wophunzira angamalize nao maphunziro ake onse, kuphatikizapo ntchito ya Android. Magigabaiti 32 ngoyenera akatswiri amene amayendetsa makompyuta oyerekezera angapo m'kati mwa kompyuta imodzi. Koma pali funso lina lofunika mofanana ndi nambalayo: kodi RAM imeneyi ingaonjezeredwe? M'malaputopu ena RAM imakhala pa kathabwa kozuka, kamene mmisiri angachotse ndi kuikapo kokulirapo pa mphindi zoŵerengeka. M'malaputopu ambiri opyapyala, ndiponso m'onse a Apple a purosesa ya M1 imene idatuluka mu Novembala 2020 ndi zotsatira zake, RAM idamatiriridwa ku fakitale ndipo siingasinthidwe. Wogula magigabaiti 8 pa makina otere adzakhala ndi magigabaiti 8 kufikira tsiku lotaya makinawo. Amene ndalama zamuchepera lero agule laputopu ya 8 yokhala ndi malo oonjezera, kuti chaka chamaŵa aikemo ena.

Chachiŵiri ndi bokosi losungiramo lija, ndipo lilipo la mitundu iŵiri. Mtundu wakale, wotchedwa hard disk, uli ndi mbale imene imazungulira, kaŵirikaŵiri ka 5,400 pa mphindi imodzi, ndi kadzanja kamene kamafufuza pa mbalepo. Mtundu watsopano, wotchedwa SSD, ulibe chozungulira chilichonse. Hard disk ya laputopu imaŵerenga mamegabaiti pafupifupi 100 pa sekondi, SSD wamba imafika 500, ndipo ya mtundu wa NVMe imafika zikwi zingapo. Kusiyanaku kumaonekera kwambiri pa timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri, ndipo ntchito ya mapulogalamu njodzaza ndi timafayilo totere. Kuonjezera apo, hard disk imaopa kugwedezeka, kotero kuti laputopu yoyenda pa kabaza ndi m'minibasi tsiku ndi tsiku imakhalitsa ikakhala ndi SSD. Wogulitsa anganene kuti iyi ili ndi malo a magigabaiti 1,000 pamene inayo ili ndi 256 okha. Ngati ya 1,000 ndi hard disk ndipo ya 256 ndi SSD, mlembi wa mapulogalamu atenge ya 256. Atapeza SSD ya 512 ndiye kuti mwai wamugwera, pakuti zida zolembera zimadya malo ndithu.

Chachitatu ndi purosesa, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amakodwa mumsampha. Kwa zaka zambiri kampani ya Intel idakhala ikutcha purosesa zake Core i3, i5 ndi i7, pamene ya AMD imatcha zake Ryzen 3, 5 ndi 7. Anthu adazoloŵera kuganiza kuti 7 aliyense amaposa 5 aliyense, koma sizili choncho. Purosesa zili ndi mibadwo, ndipo mbadwo umadziŵika pa nambala yotsatira dzina. Ndiponso m'kati mwa purosesa imodzi mumakhala timagawo togwira ntchito patokhapatokha, monga atelala angapo okhala pa tebulo limodzi. Purosesa ya i7-7500U ya chaka cha 2016 nja mbadwo wachisanu ndi chiŵiri, ndipo ili ndi timagawo tiŵiri. Ya i5-8250U ya chaka cha 2017 nja mbadwo wachisanu ndi chitatu, ndipo ili ndi timagawo tinai. Pomasulira pulogalamu yaikulu, i5 ameneyu amamusiya i7 uja m'mbuyo. Kuyambira kumapeto kwa 2023 Intel idayambanso kugwiritsa ntchito maina atsopano monga Core Ultra, koma lamulo silidasinthe: wogula afunse dzina lonse la purosesa pamodzi ndi nambala yake. Achenjerenso ndi malaputopu atsopano otsika mtengo a purosesa za Celeron kapena Pentium, RAM ya magigabaiti 4 ndi kosungira ka magigabaiti 64. Ameneŵa adapangidwira kulemba kalata ndi kuŵerenga nkhani, ndipo fungo la utsopano silidzaŵapatsa mphamvu.

Mbadwo wachisanu ndi chitatu uja ndi malire ofunika pa chifukwa chinanso. Kampani ya Microsoft idatseka chisamaliro cha nthaŵi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imalandira purosesa za Intel zoyambira mbadwo wachisanu ndi chitatu, kupatula zoŵerengeka, ndipo imafunanso kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Laputopu yakale kuposa pamenepo ingapezeke pa mtengo wokopa, koma amene akufuna kugwira ntchito ndi Windows aisiye. Ingakhale yothandiza kwa munthu yekhayo amene watsimikiza kuikamo Linux.

Zitatu zimenezi ndizo zimalembedwa pa bokosi ndi zilembo zazikulu. Pali zina zimene sizitchulidwa mokweza, chonsecho ndizo zimene thupi limakhudzana nazo tsiku lonse. Kiyibodi ndilo khasu la mlembi wa mapulogalamu. Iye amagwiritsa ntchito kwambiri zizindikiro zimene wolemba kalata sazikhudza kaŵirikaŵiri, monga mikutiramau ya mitundu itatu, mitengero ndi timizere topendekeka. Pa kiyibodi ya Chingerezi, kaya ya ku America kaya ya ku Britain, zizindikirozi zili posavuta kufikira. Pa ya Chijeremani, imene imadziŵika poona kuti Z wakhala pamalo a Y, ndi pa ya Chifalansa, imene mzere wake wapamwamba umayamba ndi A ndi Z, zina mwa izo zidabisika m'malo otopetsa zala. Popeza malaputopu ogwirapo kale ntchito amachokera m'maiko osiyanasiyana, wogula ayang'anitsitse mzere wapamwamba wa zilembo, ndipo alembepo ndime yathunthu kuti amve ngati mabatani akuyankha bwino. Mabatani oŵala kunsi amathandiza usiku magetsi atathima, ndiponso m'chipinda chogona ambiri m'mene mnzako safuna nyale.

Sikirini nayo ili ndi nambala yake. Ya timadontho 1,920 m'litali ndi 1,080 m'lifupi imalola munthu kuika malangizo ake mbali ina ndi zotsatira zake mbali inayo. Ya 1,366 ndi 768, imene imapezeka pa makina ambiri otsika mtengo, imaonetsa mizere yochepa, ndipo mlembi amangokhalira kukweza ndi kutsitsa tsamba. Galasi lonyezimira ngati kalirole limakongola m'sitolo, koma pafupi ndi zenera limabweza kuŵala ndi kutopetsa maso. Galasi losanyezimira ndilo bwenzi la woŵerenga maola ambiri. Pa za kukula, mainchi 14 ndiwo mlingo wapakati. Kompyuta yonyamulika ya Osborne 1 ya chaka cha 1981 inkalemera makilogalamu pafupifupi 11, ndipo sikirini yake inali ya mainchi 5 okha. Lero ya mainchi 14 imalemera pafupifupi kilogalamu ndi theka, mtolo umene wophunzira woyenda pansi kuchokera kumene amagona kupita m'kalasi angaupirire.

Tsopano nkhani ifike pa malo ogwirira ntchito, pakuti malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu a kumene magetsi sathimathima. M'Malaŵi magetsi ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana adaononga damu la Kapichira, ndipo dziko lidasoŵa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthaŵi yopitirira chaka. Amene adali ndi ntchito yopereka kwa aphunzitsi m'miyezi imeneyo adaphunzira kuti batire ndi chiŵalo chachikulu cha laputopu. Kukula kwa batire kumalembedwa ndi zilembo za Wh, ndipo masamu ake ngapafupi: batire la 50 Wh pa makina odya mawati 10 limatha maola asanu, pamene pa makina odya mawati 25 limatha maola aŵiri okha. Nchifukwa chake laputopu zazikulu za maseŵero, zija za nyale zamitundumitundu, zimakhumudwitsa ophunzira ambiri. Tchaja ya laputopu wamba imakoka mawati 45 kapena 65, pamene ya maseŵero imakoka 180 kapena kuposa. Kumudzi kumene mphamvu imachokera ku sola yaing'ono, kusiyana kumeneku ndiko kumagamula ngati mwana agwira ntchito pa tchuthi kapena ai. Laputopu yolandira moto kudzera pa bowo la USB-C ili ndi ubwino wina, wakuti ingatchajidwe ndi batire loyenda nalo lamphamvu yokwanira, ndipo tchaja yake siivuta kupeza ikatayika.

Kutentha ndi fumbi nazo nzofunika kuziŵerengera. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera liŵiro yokha kuti isapse, motero makina amene ankathamanga m'Juni angayambe kukwaŵa mu Okutobala. Batire nalo limakalamba msanga ndi kutentha. Laputopu isaikidwe pa bulangete kapena pa matiresi, chifukwa timabowo topumira timakhala kunsi ndi m'mbali. Fumbi la m'chilimwe limaunjikana pa fani, ndipo makina amene chivundikiro chake chakunsi chimatsekuka ndi tizomangira toŵerengeka ngosavuta kupukuta. Magetsi akathima, nchinthu chanzeru kuzula tchaja pakhoma, popeza pobwera nthaŵi zina amadza ndi mphamvu yopitirira muyezo. Chimodzimodzinso pa nthaŵi ya ziphaliwali.

Funso lotsatira ndi la pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse, ndipo zodziŵika zilipo zitatu. Windows ndiyo imene anthu ambiri adaizoloŵera, ndipo kuyambira 2016 ili ndi njira yotchedwa WSL yoyendetsera zida za Linux m'kati mwake. Linux, monga ya mtundu wa Ubuntu, njaulere, imayenda bwino pa makina akale, ndipo munthu angaiyese kuchokera pa fulashi asanaiike m'makina. Amene waizoloŵera amakhala atazoloŵeratu malo amene mapulogalamu ambiri a pa intaneti amakakhala akamalizidwa. Makompyuta a Apple amayamikidwa chifukwa cha batire lokhalitsa ndi kugwira ntchito mwakachetechete, koma mtengo wake ngwokwera ndipo ziŵalo zake zambiri sizisinthika. Wophunzira asanasankhe, afunse aphunzitsi ake kapena anzake a chaka chachitatu za zida zimene amagwiritsa ntchito m'kalasi. Safunsa adadya phula.

Nanga agule yatsopano kapena yogwirapo kale ntchito? Amene thumba likumulola agule yatsopano yokhala ndi pangano lolembedwa lakuti ikaonongeka m'chaka choyamba idzakonzedwa. Koma pamene ndalama zili zochepa, laputopu ya m'maofesi yogwirapo kale ntchito kaŵirikaŵiri imaposa yatsopano ya mtengo womwewo. Mitundu yake yodziŵika ndi ThinkPad, imene kampani ya IBM idayamba kupanga mu 1992 ndipo idapita m'manja mwa Lenovo mu 2005, Latitude ya Dell, ndi EliteBook ya HP. Makampani akuluakulu amagula makina ameneŵa ambirimbiri nthaŵi imodzi ndi kuŵasintha patapita zaka zoŵerengeka. Adapangidwa kuti apirire kunyamulidwa tsiku ndi tsiku ndiponso kuti azikonzedwa, ndipo popeza alipo ochuluka, mabatire, makiyibodi ndi masikirini ake savuta kupeza. Ngakhale zili choncho, mitundu ina yatsopano ya makina omweŵa ili ndi RAM yomatirira, kotero funso lija lifunsidwebe.

Kugula chogwirapo kale ntchito kumafuna kudekha. Wogulitsa akati, "Achemwali, iyi ndi i7, musakayike konse," mtsikana wanzeru amayankha mwaulemu kuti, "Zikomo achimwene, koma ndiloleni ndiiyatse ndekha, ndione mbadwo wake." Akaiyatsa, ayang'ane m'kati mwa makinawo dzina la purosesa, kuchuluka kwa RAM ndi mtundu wa chosungira, pakuti kapepala komatidwa pamwamba aliyense angakamate. Pa Windows pali lamulo lakuti powercfg /batteryreport, limene limatulutsa lipoti loonetsa mphamvu imene batire lidali nayo lili latsopano ndi imene latsala nayo lero. Ngati yatsala theka, mtengo wa batire latsopano uchotsedwe pa mtengo wa laputopu. Adine batani lililonse. Atsekule tsamba loyera ndi lakuda kuti aone ngati sikirini ili ndi maŵanga kapena mizere. Aloŵetse fulashi m'bowo lililonse, ayese intaneti, kamera ndi zolankhulira, ndipo atsekule ndi kutseka chivundikiro kangapo kuti amve ngati polumikizira pake mpolimba. Aisiye igwire ntchito yolemera kwa mphindi makumi aŵiri, tchaja itazulidwa, akumvetsera fani ndi kukhudza kunsi.

Pali chinthu chinanso chimene chaliritsa anthu. Makina ena amabwera atakhomedwa ndi mau achinsinsi a mwini wake wakale pa khomo loyamba lotchedwa BIOS, ena amakhala akadali olembetsedwa ku kampani imene inkaŵagwiritsa ntchito, ndipo a Apple angakhale omangiriridwa ku akaunti ya munthu wina. Makina otere angakane mwini watsopano tsiku lina lililonse, ndipo ena mwa iwo amakhala obedwa. Wogula aumirire kuti maloko onse achotsedwe iye akuona, ndiponso kuti apatsidwe lisiti yolembedwapo dzina la wogulitsa, tsiku, mtengo ndi nambala ya makinawo yopezeka kunsi kwake. Wogulitsa wokana kulemba lisiti kapena wofulumizitsa kulipira wadziulula yekha. Ngati nkotheka, wogula apite ndi mnzake wodziŵa za makompyuta. Makolo ndi abale ogula ali kutali, monga amalume a ku Johannesburg aja, alandire mndandanda wolembedwa bwino asanapite ku sitolo, kuti chikondi chao chisathere pa makina osayenera.

Pomaliza, ndalama zisathere pa laputopu yokha. Pakhale kotsala kogulira chikwama chochindikala chosaloŵa madzi, mbeŵa ya kompyuta, fulashi kapena chosungira chapadera, ndi intaneti yotsitsira zida zolembera, zimene zina mwa izo zimaposa gigabaiti imodzi. Ndipo popeza makina alionse angagwe, angabedwe kapena kuthiridwa tiyi, ntchito isakhale pamalo amodzi. Linus Torvalds yemwe uja adalemba chida chotchedwa Git mu 2005, chosunga mbiri ya kusintha kulikonse kwa pulogalamu. Wophunzira amene amatumiza ntchito yake madzulo alionse ku malo osungira monga GitHub, laputopu ikatayika amataya chitsulo chokha. Amene sachita zimenezi angataye ntchito ya chaka chomaliza kutatsala sabata imodzi kuti aipereke.

Mwachidule, kwa wophunzira wamba mndandanda ndi uwu: RAM ya magigabaiti 16, kapena 8 yokhala ndi malo oonjezera, SSD ya magigabaiti 256 kapena 512, purosesa ya i5 ya mbadwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, kapena Ryzen 5 yolandiridwa ndi Windows 11, sikirini ya mainchi 14 ya timadontho 1,920 ndi 1,080, kiyibodi ya Chingerezi, batire lamoyo, ndi makina amene mmisiri wa m'tauni yapafupi angathe kuŵatsekula ndi kuŵapezera ziŵalo. Laputopu yotere mwina idzakhala yakuda, yokandika pangodya, yosachititsa anzake a m'chipinda kutembenuka. Komabe idzayaka m'maŵa uliwonse, idzapirira magetsi akathima, ndipo idzafikitsa mwana pa tsiku lolandira digiri. Pamenepo bambo amene adagulitsa ng'ombe uja sadzakhala ndi chifukwa chodandaulira khola lake. Nkhani ya lero yathera pamenepa.